Zotsala M'mbale n'za Weta

Amuna anga anayamba kunditchula kuti Madamu chaka chimene mawondo anga anakana masitepe. Poyamba ndinkaseka, ndinkati nkhalamba yabwerera ku unyamata, ikufuna kundifunsiranso. Koma m'mawa wina anandikokera mpando n'kundifunsa ngati chipinda chimene andipatsa chinali chabwino, ndipo nditawayang'ana m'maso ndinaona kuti si nthabwala. Munthu amene ndafunda naye bulangete limodzi mpaka tonse kumera imvi ankandiyang'ana mwaulemu wonse, monga amayang'anira mlendo wobwera dzulo, wonyamuka mawa. Paja amati mlendo ndi mame, ndiye ine ndinasanduka mame m'nyumba yanga yomwe. Ulemu umapweteka, abale. Bola akananditukwana.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito yoperekera zakudya pahotela yaikulu ya pakati pa tauni. Dzina lawo lenileni linatsala pachitupa pokha; mumsewu mwathu aliyense, ngakhale ana ongophunzira kuyankhula, amangoti Aweta. Ankanyamuka kunja kusanache atavala jekete loyera ndi katayi kakuda kooneka ngati gulugufe, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Chitseko sankagogoda ndi chala ngati anthu ena. Ankagogoda ndi chigongono, chifukwa kuntchito manja amakhala atanyamula thireyi, ndipo chizolowezicho anabwera nacho kunyumba. Ndikamva gu, gu pakati pa chitseko ndinkadziwa kuti si mnansi wodzapempha mchere.

Ine ndinabadwa ndi mtima wapachala. Ndinkatsegula chitseko pakamwa pali kale moto: mwachedwa kuti, madzi atha, mwana wandisautsa tsiku lonse, jeketelo mwalidetsanso. Iwo ankangotembenuzira thumba la jekete kwa ine n'kunena kuti, "Iwe Njuchi, usanalume pisa m'thumba." Ananditcha Njuchi chifukwa ndimaluma, komanso zotsekemera sindipirira nazo. M'thumbamo simunkasowa kanthu kokulungidwa m'kansalu ka patebulo: kachidutswa ka keke, mphesa zingapo, kachokoleti kamene mlendo anakaiwala pambali pa kapu. Ndipo sindinkalola kudya ndekha. Ndinkati wakuba ndi wolandira adyere limodzi, kuti tikagwidwa tikamangidwe tonse.

Zoti ndi wakubazo ankazikana kwamtuwagalu. Pahotela panali lamulo, ndipo ankalinena ngati pemphero: za pathireyi n'za hotela, zotsala m'mbale n'za weta. Chimene chikupita kwa mlendo sulawa, ngakhale m'mimba mukulira. Koma mlendo akagoneka supuni n'kukankha mbale, zotsalazo bwana sazifunsa. Mnzawo wina anatola kachipatso kamodzi pathireyi akudutsa m'khonde, amanijala anamuona, ndipo tsiku lomwelo anavula jekete. Nkhani imeneyi ndinaimva mpaka makutu kuwawa.

Atapuma pantchito tinakhala zaka zabwino ndithu, tikukangana ngati ana za wailesi ndi za amene wamaliza shuga. Kenaka zinthu zinayamba kuwathawa m'mutu chimodzichimodzi, ngati nkhuku zotulukira pobowoka pa khola. Mayina a anansi anapita, njira ya kumsika inapita, kenaka ine. Chimene chinatsala ndi hotela. Anali atasunga majekete awiri akale, achikasu tsopano m'khosi, ndipo m'mawa uliwonse ankavala limodzi n'kuyala nsalu patebulo la pabalaza, mafoloko onse a m'nyumba kumanzere, mipeni kumanja, iwo n'kuima njo pakhoma thaulo lili pamkono. Kukhala pansi ayi. Kudya pamaso panga ayi, weta sadya mlendo akuona. Ndikawasiyira chakudya kukhitchini ankangotolako pang'ono ali chiimire kuseri kwa chitseko, khutu lili kubalaza, ndipo thalauza linayamba kuwakhwepa m'chiuno. Ngakhale kuchipinda kwathu anasamukako. Anati wantchito sagona m'zipinda za alendo, natenga pilo wawo kupita kukachipinda kamene mwana wathu ankagonamo ali pasukulu.

Choipitsitsa chinali madzulo. Dzuwa likapendeka ankayamba kuyendayenda, kugwedeza chitseko cha kukhitchini, akuti nthawi yoweruka yakwana. Tsiku lina anatulukadi ine ndili kubafa, ndipo anawabweza ndi woyendetsa basi wina amene anawapeza ataima pakati pa msewu waukulu, galimoto zikuwalambalala uku ndi uku. Kuyambira pamenepo makiyi ndinkayenda nawo pakhosi.

Adokotala, mayi wachifatse wovala magalasi, sanatibisire kanthu. Anati matendawa sabwerera m'mbuyo. Tizionetsetsa kuti akumwa mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi, akuyendako, akudya masamba ndi zipatso, ndipo koposa zonse tisamawakalipire. Mawu omalizawo anawanena akuyang'ana ine, ndiye ndinadziwa kuti mbiri yanga inanditsogolera. Ndinamvera. Njuchi inabisa mbola. Ndinaphunzira kuyankhula ngati atsikana olandira anthu kubanki: zikomo, pepani, chonde. Nyumba ndinkaisesa mpaka kuwala, chilichonse pamalo pake, kuti asapunthwe pakanthu.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi. Ntchito yake ndi yoyendera maofesi kuona ngati anzake akulakwitsa, ndiye kunyumba timamutcha Inspekitala. Akalowa amayamba wapititsa chala pamwamba pa kabati asanapereke moni. Koma bambo ake amawakonda koopsa, ndipo chikondi chake n'chija chosatha kukhala pansi, chimafuna chochita. Ndiye amene anafunsa adokotala za mabulosi abuluu, aja amagulitsidwa m'timabokosi ta pulasitiki m'mafiliji a masitolo akuluakulu. Adokotala anati inde, ndi chipatso chabwino kwa okalamba, ofufuza ena amati chimathandiza mtima ndi mitsempha ya magazi, mwinanso kuti ubongo usafooke msanga; koma ndi chakudya, si mankhwala, ndipo zimene zapita sichingazibweze. Ine ndinamva zonse. Inspekitala anamva theka loyamba, pofika pa koma makutu anali atatseka.

Loweruka lotsatira anafika ndi kabokosi, atamatula kale kapepala ka mtengo kuti ndisakomoke. Mabulosi ake anali aang'onoang'ono, obulungira, abuluu moderako ngati apakidwa phulusa. Anandikhazika pansi n'kuyamba kundiwerengera za pafoni. Akuti chimene chimawapatsa mtundu umenewo ndicho chimateteza thupi kuti lisachite dzimbiri m'kati. Akuti ndi abwino kwa mtima, kwa maso, m'mimba, kwa a shuga, ndipo okalamba amene amadya kawirikawiri saiwalaiwala msanga. Ndinamufunsa ngati amameretsanso mano. Sanaseke. Anatsuka mabulosiwo, nawaika m'mbale yagalasi imene timasungira alendo, mbaleyo pathireyi, kasupuni pambali. Cholakwa chinali chimenecho, koma tonse awiri sitinachione.

Bambo ake atangoona thireyi, nkhope inawala. Anatchula dzina lenileni la chipatsocho, lachilendo lija limene lilime langa limakana mpaka lero, n'kufotokoza kuti amenewa sabwera tsiku lililonse, amasungidwira alendo a m'zipinda zam'mwamba, ndipo saikidwa pafupi ndi tiyi wotentha. Mwana wanga anandigwira dzanja, misozi ikulengeza. Anandinong'oneza kuti ndione, sanalawe n'komwe koma ayamba kale kukumbukira.

Iwo analandira thireyi ija bwinobwino, anazungulira tebulo, n'kuika mbale patsogolo pa mwana wawo yemwe atawerama pang'ono. Inspekitala anati ayi ababa, amenewa ndi anu. Iwo anamwetulira n'kubwerera kukhoma. Iye anawatsatira ndi supuni, iwo anasunthira pakona. Mwana ameneyu anatengera ine kuuma mutu, ndiye anapitirira mpaka supuni inafika pamlomo, ndipo pamenepo ndinaona maso a amuna anga akuthamangira kuchitseko ngati amanijala atulukira nthawi iliyonse.

"Chonde, Madamu, musandichotsetse ntchito," anatero motsitsa mawu. "Ndili ndi mkazi kunyumba, ndi mwana wakhanda."

Mwana wakhandayo anali ataima patsogolo pawo, imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu, supuni ili m'manja. Mkaziyo anali pampando, ine amene. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti amuna anga sanaiwale kuti ali ndi mkazi. Ankamukumbukira bwino lomwe, ankamudera nkhawa. Kungoti mkaziyo sanali ine.

Inspekitala sagonja msanga. Anaphwanyira mabulosi m'phala. Bambo ake anayang'ana phala losintha mtundu lija, anapepesa kwambiri, n'kulibweza kukhitchini akuti wophika waononga. Mwanayo anasandutsa mabulosiwo chakumwa m'tambula. Iwo anakachipereka kwa mkulu wina amene analowa kudzawerenga mita ya magetsi, ndipo mkuluyo anagugudiza n'kufunsa ngati chatsalako. Ine ndinkaseka mobisa, poti ukapanda kuseka zotere umapenga. Koma mwanayo Loweruka lililonse ankabwerera kwake maso ali ofiira.

Loweruka lina anaphulikira kukhitchini. Anati ine sindikuyesetsa. Anati mwina awatenge akakhale kwake, kuli mayi wina wodziwa kusamalira okalamba amene angamawadyetse. Ndinati amuna anga sapita kulikonse ine ndili moyo, munthu wachilendo sangawathe.

"Nanga inu si wachilendo kwa iwo, amayi? Akukudziwani?"

Atangonena anagwira pakamwa, koma madzi akatayika saoleka. Anatsuka mbale zoyera kale, anapukuta sinki, n'kunyamuka, kabokosi kena atakasiya m'filiji. Sindinamukwiyire. Ananena zoona, n'chifukwa chake zinawawa.

Lolemba m'mawa ndinati basi, zinthu zisaolere m'filiji. Ngati zili zabwino kwa nkhalamba, nanenso ndine nkhalamba. Ndinakhala pampando umene anandikokera, ndinaitanitsa mabulosi ngati mlendo weniweni wa m'zipinda zam'mwamba, ndipo anandibweretsera mwachangu, osangalala kuti lero Madamu akudziwa chimene akufuna. Ndinalawa. Kunena zoona sindinaone chodabwitsa: kuwawasa pang'ono, kutsekemera pang'ono, kuphulika m'kamwa n'kutha. Mtima unali wolemera, chakudya sichinkatsika. Ndinagoneka supuni n'kukankha mbale, theka lili momwemo.

Anachotsa mbale ija n'kulowa nayo kukhitchini chammbuyo, akukankha chitseko ndi msana. Panapita kanthawi osamva madzi pasinki. Ndinanyamuka mwakachetechete n'kusuzumira pampata wa chitseko, mtima ukuti mwina akudya. Sankadya. Anayang'ana uku ndi uku, anayala kansalu ka patebulo, anakhuthulira mabulosi otsala aja mosamala ngati mazira, anakulunga ngodya zonse, n'kulowetsa m'thumba la jekete. Kenaka anasisita thumbalo ndi chikhato, akumwetulira okha. Ndinabwerera pampando monyang'ama ngati wakuba ndine.

Madzulo a tsiku limenelo anagwedeza chitseko kuposa masiku onse. Anandipempha mwaulemu kuti ndikawauze amanijala kuti nthawi yakwana, mkazi wawo akudikira, ndipo ndi munthu wosapirira. Ndinawauza monga mwa masiku onse, ndi mawu ofewa aja a adokotala, kuti mkazi wawo ndine, kunyumba ndi konkuno. Anandimwetulira momwe weta amamwetulira mlendo woledzera. Atatopa anakagona ndi jekete lomwe, ndipo m'mawa ndinapeza thumba litanyowa, banga lakuda mofiirira litafalikira mpaka m'mphepete.

Tsiku limenelo ndinasiyanso dala, iwo anakulunganso m'jekete linalo. Loyamba lija ndinalichapa pabeseni ndi sopo ndi mandimu, banga osachoka, ndipo ndinalira pamenepo ngati mwana. Ndinachita nsanje, ndikuuzeni. Ndinamuchitira nsanje mkazi wa m'mutu mwawoyo, wolongolola, wosapirira, amene ankamusungira zabwino, pamene ine wowasambitsa ndi kuwameta ndevu ankangondipatsa zikomo Madamu. Ndili chikwiyire choncho ndinaweramuka n'kuyang'ana pabalaza. Tebulo loyala nsalu yoyera, pansi powala, maluwa apulasitiki amene mwana anabweretsa, wailesi yozimitsa kuti isawasokoneze. Ndi ine, nditavala juzi yabwino ndi nsapato m'nyumba, m'kamwa modzaza chonde. Nyumba imene amuna anga ankabwererako sinali yotero. Munkakhala matewera pachingwe, wailesi ikufuula, mkazi wosavala nsapato akukalipa chitseko chisanatseguke n'komwe. Akanaizindikira bwanji iyi? Hotelayo tinawamangira ndife, ine ndi mwana wanga, chifukwa chowakonda.

Mawa lake ndinamuimbira foni Inspekitala kuti apemphe kuchoka msanga kuntchito. Atafika ndinamukokera kuchipinda n'kumuuza kuti lero bambo ake ndiwalola aweruke. Anati ndapenga, anandikumbutsa za msewu waukulu, anatchula adokotala. Ndinamuuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye ntchito yake ndi imodzi: kuwatsatira patali, osawagwira, osawayankhula, pokhapokha akalunjika kumsewu. Nyumba yathu ili kumapeto kwa mzere. Kuseri kwake kuli kanjira kodutsa pa migolo ya zinyalala. Ukakhotera kumanzere kamakuzungulitsa mpaka pakhomo lakutsogolo, ukakhotera kumanja kamakutaya kumsewu wa mabasi. Mwina anakumbukira mawu ake a Loweruka lija, chifukwa anavula nsapato zake zazitali n'kuvala masilipasi anga.

Dzuwa litapendeka, thumba litatupa ndi zotsala za m'mawa, ndinapita kukhitchini n'kuwauza kuti amanijala ati aweruke, agwira bwino ntchito. Anapachika thaulo pamsomali, anandithokoza, anandifunira madzulo abwino. Ndinavula makiyi pakhosi. Anatuluka osacheuka, ndipo mwana anawatsatira.

Mawondo amene anakana masitepe, tsiku limenelo anathamanga. Ndinakoka nsalu ya patebulo ndi mafoloko ake omwe n'kuunjika zonse m'kabati. Ndinakhuthulira zovala zosachapa pasofa, beseni patebulo, maluwa apulasitiki ndinawaponya kuseri kwa mpando. Wailesi ndinaikweza mpaka kumapeto. Juzi ndi nsapato ndinataya pakona, ndinamanga epuloni yakale yong'ambika thumba, n'kuima kuseri kwa chitseko chakutsogolo mtima uli m'mwamba.

Kanjira kameneko mwana wamng'ono amakamaliza asanapume kawiri. Ine ndinadikira mpaka nyimbo ya pawailesi inatha, ina n'kuyamba. Ndinamva basi ikuliza hutala kumsewu waukulu. Ndinaganiza zimene ndikanauza adokotala, zimene ndikanadziuza ndekha moyo wanga wonse wotsala. Pambuyo pake mwana anandifotokozera kuti bambo ake anaima pamphambano nthawi yaitali akuyang'ana kumanja, iye atatambasula kale mkono. Kenaka anatchera khutu ku phokoso la wailesi n'kukhotera kumanzere. Koma ine kuseri kwa chitseko zimenezo sindinkazidziwa. Dzanja linali litafika kale pachogwirira kuti ndituluke ndikawafune, pamene ndinamva gu, gu pakati pa chitseko, pamsinkhu wa chigongono.

Ndinatsegula. Anali ataima pamenepo, owonda, katayi katapendekeka, akupuma mobanika. Nkhope yawo inayamba kukonzekera kundipatsa ulemu uja, ndinauona ukubwera. Ndinasonkhanitsa ukali wonse umene ndinasunga miyezi yonseyi.

"Nthawi yonseyi munali kuti, bambo inu? Anzanu anafika kalekale. Madzi atha, mwana wandizunguza mutu tsiku lonse, ndipo taonani jeketelo. Mukuganiza kuti achapa ndani, agogo anu?"

Anaphethira. Anayang'ana mapazi anga opanda nsapato, beseni patebulo, mulu wa zovala pasofa, kenaka nkhope yanga. Mapewa awo, amene miyezi yonseyi anali owongoka ngati a msilikali, anatsika pang'onopang'ono. Anatembenuzira thumba kwa ine.

"Iwe Njuchi," anatero, "usanalume pisa m'thumba."

Ndinapisa. Mabulosi ena anali ataphwanyika, ena ali bwinobwino, ofunda ndi thupi lawo. Ndinafuna kuwakumbatira amuna angawo, ndinafuna kugwa pansi ndi kulira, koma mkazi wawo sankachita zimenezo, ndiye ndinangong'ung'udza kuti lero abweretsa zochepa. Anati alendo a masiku ano ndi adyera, koma kuli Madamu wina wabwino mtima amene amasiya dala. Analowa, anakankhira zovala kumbali, ndipo koyamba chiyambireni matendawa anakhala pansi ine ndikuona. Anavula nsapato ndi zala za kuphazi n'kuusa moyo ngati munthu amene wafikadi.

Ndinakhala pambali pawo, kansalu pamwendo. Ndinati wakuba ndi wolandira adyere limodzi. Anayamba kutsutsa kuti iwo si wakuba, za pathireyi n'za hotela, ndipo ali pakati pa lamulo lawolo ndinawaponyera kabulosi kamodzi m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, atachita tsinya ngati woweruza milandu.

"Ndi timeneti anachotsera mnzanga ntchito?" anafunsa. "Mango akuposa."

Koma anatolanso kena, ndi kenanso. Tinadya mpaka kansalu kanatsala ndi mabanga okha, milomo yathu ngati ya ana otafuna cholembera kusukulu. Atamaliza anafunsa ngati mwana wagona. Inspekitala anali ataima pakhomo ndi masilipasi anga, manja onse ali pakamwa. Ndinawauza kuti mwana ali maso, ndipo wakhala akuwalirira tsiku lonse. Anati ndimulere bwino ameneyo, ali ndi mutu, adzakhala bwana. Mwanayo anathawira kuseri kukalirira ku migolo ya zinyalala.

Sindinganame kuti mabulosi anachiritsa amuna anga. Adokotala ananena zoona, zimene zapita zapita. Kaya akuthandiza mtima, kaya mitsempha, amadziwa ndi makina a kuchipatala. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti munthu amene ankadya chiimire tsopano amakhala pansi madzulo, ndipo akamaliza za m'thumba amalandiranso mbale ya chakudya chenicheni. Thalauza lasiya kugwa. Si masiku onse. Masiku ena amaima pakhomo n'kupepesa kuti asochera nyumba, ukali wanga wonse n'kupita pachabe, ndipo ndimawalowetsa ngati mlendo. Tsiku lotero limandiwawa ngati loyamba lija. Inspekitala amabwera akaweruka kudzayenda kumbuyo kwawo, ndipo akalephera amatithandiza ndi mayi wa nyumba yoyandikana. Timabokosi take amabweretsabe, n'kundilamula kuti ndizidyako kwenikweni, akuti nanenso ndikufunika kuti ndikhalitse. Chala pakabati anasiya kupititsa.

Lero m'mawa anandikokera mpando monga mwa masiku onse, jekete la mabanga lili pathupi, n'kufunsa ngati Madamu agona bwino. Ndinalawa pang'ono, ndinagoneka supuni, n'kukankha mbale. Anayang'ana zotsalazo modandaula, nafunsa ngati sizinandikomere. Ndinati zakoma, koma ndamva kuti ali ndi mkazi kunyumba. Kodi ndi munthu wotani?

Anayamba ayang'ana kuchitseko, kuopa amanijala, kenaka anawerama mpaka pakhutu langa.

"Ndi wolongolola, Madamu, pakamwa sipapuma," ananong'ona. "Koma mukandiona ndikuthamanga ndi mbale tsiku lonse, ndimakhala ndikuthamangira kwa iye."

Ananyamula mbale ija ndi manja awiri n'kulowa nayo kukhitchini chammbuyo. Ine ndinatsala pampando wa alendo, ndikudikira kuti dzuwa lipendeke.